Mlatho Umene Ndinaugwetsa ndi Pakamwa

Pepala linabwera la Chipwitikizi,
lopinda panayi, lonunkha fodya wa a Sekeretale.
Ntchito yanga pa wayilesi ya ku Ulongwe
inali kuliveka Chinyanja basi,
monga telala amasokera thupi limene sanalilenge.

Linkati adani agwetsa mlatho wa pa Mawe usiku,
ana asukulu asanu ndi awiri apita ndi madzi.

Mlathowo ndinali nditauwoloka m'mawa womwewo.
Matope ake anali adakali pamatayala a njinga yanga
yotsamira khoma panjapo.
Ndinakumanapo ndi mayi wosenza kachewere,
tinapatsana moni, anandidandaulira msana.

Ndinawauza. Sanakwiye ayi.
Anandikokera mpando, nati:
"Jemuse, mdani alikodi, ameneyo sitinamupeke.
Koma anthu akwanu sadzuka ndi mawu akuti mwina.
Namwino amauza mwana kuti jakisoni sapweteka.
Kodi namwinoyo ndi mfiti?"

Ndinalibe yankho. Ndinali ndi ana anayi
ndi ngongole ya feteleza.
Nyali yofiira itayaka ndinawerenga,
ndipo poti ntchito ndinkaidziwa
ndinathirako kanga kamchere:
nsapato imodzi yapezeka m'bango.
Nsapato imeneyo papepala panalibe.

Lachisanu malole anadzaza pabwalo la mpira.
Sozinyo, mwana wa mlongo wanga,
anasiya ng'ombe zili pagoli m'munda wa nyemba.
Anandigwira dzanja kudzera m'zitsulo za lole:
"Malume, ndakumvani. Nsapato ija."

Lole inadutsa pamlatho womwewo.
Akuti anyamata anayang'ana pansi, nayang'anana,
wina nati kapena amanena wakumunsi uja,
nyimbo n'kupitirira.

Yankho landipeza mochedwa,
imvi zili mbuu, ndikugulitsa mabatire pamsika.
Mwana akalira jakisoni, wochira ndi mwana yemweyo,
ndipo namwino sabisala, mawa mwana amuloza chala.
Ife akanatipempha ana athu dzuwa likuswa mtengo,
akanatiuza zimene ankadziwa ndi zimene ankangoopa,
tikanakhala pansi n'kuwerengera,
mwina n'kupereka, mwina n'kukana.
Chimene anatibera ndi kukanako.
Ndipo wotsegula zenera kuti wakuba alowe ndinali ine.

A Sekeretale anapuma ntchito, ali ndi chigayo ku Domwe.
Pamaliro amakhala kutsogolo, amapemphera bwino.
Tikakumana amavula chipewa.
Belita, mlongo wanga, sanalandire mtembo.
Analandira pepala, la Chipwitikizinso,
nabwera nalo kwa ine kuti ndimuwerengere.
Ndinawerenga monga linalembedwera,
osathirako kanthu.

Mlatho ulipobe.
Malole a mbatata amaugwedeza tsiku ndi tsiku, sugwa.
Ndikafika pamenepo ndimatsika njinga
n'kuwoloka wapansi, pang'onopang'ono,
ndipo maso, osawatuma,
amatsikira okha m'bango
kukafuna nsapato.