Mfundo za Lonjezo

Loweruka lililonse ndimasita malaya a khaki
ndi simbi ya makala, poti magetsi ku Mabvuku kuno ndi mlendo.
Kansalu ka m'khosi ndimakapinda katatu
monga anatiuzira a Muchena, mkulu wa masikauti.
Lonjezo amakavala, n'kukavula, n'kukavalanso,
n'kumakatafuna kunsonga njira yonse
mpaka pa holo ya tchalitchi.

Anzake amaima mzere ngati mano a chipeso.
Wanga ndi dzino logwedera.

Wezulo ikalira, wagwira makutu.
Ikaliranso, ali pansi pa benchi.
Kachitatu musandifunse ine,
kafunseni mwana wa kwa Gwenzi
amene anapita kwawo ndi zidindo za mano pamkono,
ine m'mbuyo mwake ndi mazira asanu ndi limodzi m'mbale,
kukagwada pakhomo la eni.

Azimayi a pageti amatsitsa mawu
m'Chishona chomwe inenso ndinakuliramo.
Akuti salangidwa.
Akuti kaya anamuchita chiyani kwawoko.
Kwathu kuti? Mchombo wanga unagwera ku Tafara,
fumbi la simenti lomwe amatsokomola ndi lomwe ndimatsokomola.

Shamu ya mpichesi ndinayesa, inathyoka, tinalira tonse.
Abusa anamusanjika manja.
Ku Parirenyatwa anatilembera dzina lalitali pa kapepala.
Ndinakaika m'Baibulo, pakati pa Yobu,
dzinalo mpaka lero limandikola lilime.

Itakwana nthawi yokagona kumsasa ku Ruwa
a Muchena anandiitanira pambali, chipewa chili m'manja.
"Mayi, ana ndi ambiri, maso anga ndi awiri."
Sindinawade.
Anga ndi awirinso, mwana ndi mmodzi,
koma sakwanira.

Basi inanyamuka ndi nyimbo.
Iye anaigenda kamodzi, mwala sunafike,
kenaka anandifunsa ngati Ruwa ndi kutali kuposa mjigo.

Usiku umenewo nyumba inati zii,
bata loopsa lija limene limandidzutsa.
Ndinamupeza pansi, kandulo pambali, lilime panja,
akumanga.
Chingwe choyanikira, zingwe za nsapato za bambo ake,
nsonga ya chitenje changa ku mwendo wa tebulo.
Mfundo zonse zimene anzake amaphunzira pamzere
iye anaziba ndi maso, ali pansi pa benchi paja.

Ndinazilonga m'jumbo, osamasula,
Loweruka linalo n'kuzikhuthula patebulo la a Muchena.
Sindinalankhule, ndinkaopa mawu anga.
Anatola imodzi, anaikoka, anaitembenuza,
anaiyesa ndi chikhadabo, kenaka ndi mano.
Inakana.

Baji sanamupatse.
Baji imafuna mwana woima chilili, wolumbira osaseka.
Koma tsikulo wezulo sinatuluke m'thumba.
Anangokweza dzanja, ana n'kukhala chete,
ndipo wanga anaima nawo, ndinaona ndekha pazenera,
anaima mpaka ndinawerenga makumi anayi,
asanathamange kukakumbatira mtengo wa mbendera.

Tsopano ndili ndi njerwa yanga panja pa holo,
pamthunzi wa jakaranda.
Tomato wa Loweruka amagulitsa ndi mlamu wanga,
ndalama imabwera yoperewera, sindifunsa.
Ndimakhala ndi foni m'manja, kuwerenga mphindi
chitseko chisanatseguke ndi dzina langa.
Sabata yatha zinali khumi ndi imodzi.
Lero khumi ndi zinayi.
Sabata ya mawa zikhoza kukhala ziwiri.

Pobwerera, pa mphambano pamene makombi amalimbirana anthu,
anatulutsa kachingwe m'sokosi,
nsonga ina padzanja langa, ina pa lake,
n'kukoka ndi mano kuti ilimbe.

"Kuti musasochere, amayi."

Ndinayenda naye choncho mpaka kunyumba,
azimayi a pageti akuyang'ana,
dzanja likuchita dzanzi.