Lilime la Galasi

Kusanache ku Huddersfield
basi yanditula pa mlatho, mvula ikuwaza cham'mbali.
Ndikoleka jasi lonyowa, ndivala loyera,
ndiyatsa magetsi a mu labu.
Pa tebulo lachitatu chikundidikira,
chingwe chitapindika ngati mchira wa buluzi,
lilime lake la galasi litamira m'kabotolo ka madzi a mchere.

Sindichifunsa kanthu chisanadzuke.
Chinthu chatulo chimanama.

Mabotolo atatu ndatulutsa m'kabati
kuti ayambe azolowera mpweya wa m'chipinda,
poti madzi ozizira ndi ofunda sayankha chimodzimodzi.
Wachikasu ndiye woyamba: seveni,
pakatikati, posawawasa, posaterera.
Manambala akuthamanga, akubwerera,
6.91, 7.08, 7.03,
ngati mlendo pa siteshoni ya sitima
akuwerenga zikwangwani, chikwama chili m'manja.
Ndidikira. Izi sizifuna phuma.
Akaima, ndidina batani: pano ndi pano.

Tsuka. Usapukute, ingokhudza ndi pepala,
dontho lichoke lokha.
Anatero Bambo Thewlis chaka chimene ndinafika,
atandigwira dzanja lili m'malere, ndisanalakwe.
Anapuma ntchito, akuweta nkhunda ku Slaithwaite,
koma mawu awo anatsala pa sinki.

Wofiira ndi folo, mbali ya bwemba,
kumene malovu amadzaza m'kamwa usanalume n'komwe.
Tsuka.
Wabuluu ndi teni, mbali ya chidulo
chimene amayi ankasefa m'chikombe chobooka
pofuna kuti therere limvere.
Ameneyu sachedwa kuguga: ukamusiya pululu
amamwa mpweya, n'kuyamba kunena zake.
Ndiye ndimathirako pang'ono m'kapu, ndikatha ndimataya.
Chotuluka m'botolo sichibwereramo.

Itatha tchuthi ya Khirisimasi
ndinachipeza chikulankhula ngati chamwa,
nambala iliyonse kutenga mphindi zitatu.
Zubair, mnyamata wophunzira ntchito, anaweramitsa mutu.
Anachigoneka m'madzi osungunula aja,
oyera kuposa madzi onse a m'nyumba muno.
Ankati akuchichitira ulemu.

Sindinamukalipire. Ndinakoka mpando.
Ndinati, madzi opanda kanthu ali ndi njala.
Amayamwa mchere wa m'kati mwa galasi
pang'onopang'ono, mwaulemu, osapweteka,
mpaka lilime liiwale kulawa.
Tinachiviika mu mchere wake usiku wonse.
M'mawa chinabwerako, osati chonse,
koma chokwanira kukhulupirika.
Ndinalemba m'buku: tsiku, kutentha, 96 pa 100,
ndi zilembo zanga, N.C.,
pansi pa mizere mazana ya N.C.

Tsopano abwere a mtsinje wa Colne.
Mabotolo khumi ndi anayi m'bokosi lozizira,
ena otungidwa kumtunda kwa fakitale ya utoto, ena kumunsi.
Onse amaoneka madzi basi.
Lachisanu ndi chinayi likuti 5.8,
ndibwereza, likuti 5.8,
ndipo ndinyamula foni osanjenjemera
chifukwa ndikudziwa pamene seveni ali.

Dzulo mkulu wanga Nachisale anaimba kuchokera ku Dedza.
Anaponya nthabwala ya maliro a amalume,
ine zii, ndikufunafuna poseka.
Iwe Ndaziona, ukuchedwa kuyankha masiku ano, anatero.
Ndinanamizira netiweki.
Zaka khumi ndi chimodzi m'madzi aulemu,
a pepani, a zikomo, a kunja kwazizira eti.

Faifi koloko kwada kale.
Nditsuka lilime komaliza, ndikhudza ndi pepala,
ndiyang'ana ngati mulibe thovu m'kati,
ndiwonjezera madzi a mchere mpaka pa mzere,
nditseka kachivundikiro, osamanga kwambiri.
Zubair wazimitsa magetsi a kumbuyo.

Pa mlatho basi yachedwa.
Nditulutsa foni, zala zitauma ndi chisanu,
ndimuimbira Nachisale:
tabwerezanso ija ya amalume,
uyambire pachiyambi, usathamange.