Batani Lobwerera

Ndinaitana asanu ndi mmodzi, anabwera anayi,
ana a ku yunivesite ali pa holide,
m'kachipinda kuseri kwa golosale ya a Nankhoma pa Kamwendo,
momwe mumanunkha mtedza wosenda ndi utsi wa jenereta.
Malipiro: mabanzi, zoziziritsa kukhosi, bandulo ya sabata.
Ndinati, "Iphwanyeni gemuyi isanatuluke.
Paliponse pomwe yatsimphina, lembani."

Gemuyo ndi ya mwamuna mmodzi, Zefaniya,
chaka cha 1938, msonkho wamukhala pakhosi,
wanyamuka ku Fort Manning wapansi, ulendo wa ku Halale,
bulangeti limodzi, chitupa m'thumba, masheleni awiri.
Zaka zitatu ndakhala ndikumuumba usiku,
phazi ndi phazi, pa laputopu yong'aluka pakona.

Gomezgani wa zauinjiniya sanachedwe.
Anamuyendetsa chafutambuyo mpaka analowa m'phiri
n'kutulukira mbali ina miyendo ili m'mwamba.
Tinaseka mpaka a Nankhoma anagogoda khoma.
M'kope munalowa: phiri la Mchinji ndi lobowoka.
Mesenjala akathamanga, chipewa chikutsala m'malere.
Mkango wa ku Luangwa ukulira ngati mbuzi.
Ndinavomera: inalidi mbuzi, yakwathu,
ndinaijambula pa foni n'kuikulitsa mawu.

Yankho amaphunzira mbiri yakale, sanaseke kwenikweni.
"Malata pa nyumba ya munthu wothawa msonkho?
Ndipo chitenje ichi n'cha dzana, ndinachiona pa msika Loweruka."
Ndinalemba, makutu akutentha.

Zione anaima pa gawo loyamba osasuntha.
"Mayi waima pakhomoyu ndani?"
Mkazi wa Zefaniya.
"Ndafunsa dzina."
M'fayilo ndinamutcha mayi_01.
"Ndamudina kasanu, sakuyankha.
Munda alima ndani zaka zonsezi?
Mesenjala akabweranso agwira ndani?
Ndipatseni iyeyu ndisewere."
Jenereta inatsokomola, n'kupitiriza.

Chikaiko sanayankhule tsiku lonse.
Anawoloka mitsinje yonse, anafika pa famu ya fodya,
anadzaza tikiti mwezi ndi mwezi,
anagula sutikesi, jekete, nsapato zolira.
Cha m'ma faifi anamutembenuza Zefaniya kuloza kumpoto.
Munthu akuponda, miyendo ikuyenda,
koma sakusuntha, ngati ntchentche pagalasi.
"Achimwene, batani lobwerera lili pati?"

Ndinati nacho n'cholakwika, lembani.
Bodza.
Njira yobwerera sindinaijambule n'komwe.
Zefaniya ndi dzina la agogo awo a amayi anga.
Chomwe tili nacho ndi kalata imodzi ya pensulo
yonena kuti abwera mvula ikatha.
Ine ndinafika naye pomwe kalatayo inathera
ndipo ndinayesa kuti dziko linatheranso pomwepo.

Chikaiko anapukuta zala pa thalauza.
"Wathu wa ku Mkanda anabwera.
Zaka makumi atatu ndi chimodzi.
Wailesi yosalira, chifuwa chosatha.
Anapeza mkazi wake ali ndi zidzukulu za wina,
anamuyalira mphasa, anamupatsa madzi ngati mlendo.
Ikani zimenezo. Zikhale zovuta kuwina, koma zikhalepo."

Anakwera makabaza dzuwa litapendeka,
akukanganabe ngati mbuzi ija ichotsedwe.
Anandisiyira kope: zolakwika makumi anayi ndi zitatu.
Makumi anayi ndi chimodzi ndikonza mwezi uno.

Usiku ndinaimbira amayi.
"Mkazi wa a Zefaniya dzina lawo anali ndani?"
Chete. Kumbuyo kwawo wina akutsuka mbale.
"Tinkangoti aNaphiri.
Lenilenilo... dikira, ndifunsa azakhali ako mawa,
ngati akukumbuka."

Ndafufuta mayi_01.
Kamzere kakuphethira pamalo opanda kanthu,
ndipo mayi uja akadali pakhomo,
atavala chitenje cha dzana.