Mamita Asanu ndi Awiri

Pa chilumba cha Hiiumaa dzuwa la Novembala ndi laulesi,
limangosuzumira, n'kubwerera kukagona.
Bambo anga a Valdur ali m'khola lakale la nkhosa,
chingwe chakuda chadzipinda pamapazi pawo
ngati mkunga wozizidwa.
"Leelo, gwira uko. Usakoke. Ingogwira."

Ndagwira. Zala zachita dzanzi.
Kunja milongoti iwiri yaima njo m'dambo la chisanu,
yolingana msinkhu, yosapenyana,
ngati apachibale olimbirana malo.

Mpeni wasenda khungu la chingwe:
ukonde wamkuwa woluka,
mafuta oyera a pulasitiki,
ndipo pakatikati mtima, wowonda ngati udzu.
"Mumlengalenga," akutero, pensulo ili kukamwa,
"kotala ya funde ndi mamita khumi ndi theka.
M'chingwemu funde limayenda mokakamira.
Asanu ndi awiri akwana."

Ndafunsa: bwanji osadyetsa yonse nthawi imodzi?
Aseka mpaka kutsokomola.
"Ikafuulira limodzi, mawu amamwazika,
ena kumanja, ena kumanzere, kwa akatumbu ndi nkhalango.
Wina ayambe. Mnzake adikire kaphindi kosaoneka,
alandire mawuwo akamamudutsa, awakankhe.
Kuthamanga sikufika."

Tayatsa wailesi. Singano yakana.
Masamu a papepala anali oona,
koma pepala silinadziwe
kuti milongoti imamvana,
kuti wina akanjenjemera mnzake amasintha mtima.
Tadula chala chimodzi. Yakana.
Tadulanso. Tapitirira.
Bambo atukwana chapansipansi, atulutsa chingwe china,
fungo la mtovu wosungunuka ladzaza khola,
khofi wazizira pawindo.

Itakwana naini usiku
mpanda wamagetsi wa a Kaljo, oyandikana nafe,
umene wakhala ukugogoda m'makutu mwathu zaka zitatu,
the, the, the,
wangoti zii. Wagwera kumsana kwa milongoti,
kumene mafunde awiri amakumana n'kufafanizana.
Ndipo kutsogolo, kupyola nyanja, kupyola Siberia yense,
munthu wa ku Hokkaido, mawu ake aang'ono ngati njere ya therere,
akutchula zilembo za bambo
chimodzi
chimodzi.

Iwo sanayankhe msanga.
Ndinaona chala chawo chili lende pamwamba pa batani.

Mayi akali moyo ankati,
"Valdur, undisiye nditsirize."
Sankawasiya.

Usiku uno adikira
mpaka mlendoyo wamaliza,
mpaka kaphokoso ka pambuyo pa mawu katha,
kenako n'kudina.

Tizidutswa ta chingwe tili mbwee pansi.
Ndatola kamodzi, kotalika ngati chikhadabo,
ndakaika m'thumba la jekete.