Mainchi Awiri

Mu galaja ya Stavros ku Coober Pedy
fumbi limalowa osaodira,
lofiira ngati katondo,
limakhala pa kauntala, m'kapu ya tiyi, pa nsidze.

Ndabwera ndi galimoto ya malemu Desmond,
mimba yake yokalikakalika ndi miyala ya njira ya ku Oodnadatta.
Lachinayi lapitali inakhala pamchenga ngati nkhuku yofungatira,
matayala akungozungulira chabe,
ine ndikufukula ndi fosholo mpaka dzuwa kupendeka,
makalata a eni ake akuwauka m'matumba kumbuyo.

Ndikwezereni, ndatero. Mainchi anayi.
Desmond ankafuna anayi.
Anazunguliza ndi bolopeni m'kabuku ka malonda,
tsambalo n'kulipinda pangodya.

Stavros sayankha msanga.
Wagona chagada, walowa kunsi,
kwatsala nsapato zokha.
Mawu akutuluka pansi pa zitsulo:
Anayi ndi a anyamata a Loweruka,
ofuna kuonedwa pomwetsera mafuta.
Ukaikweza chotero iyenda ngati ngamila yoledzera,
pokhota ipendekeka,
mphepo ikaomba imvera mphepo, osati iwe.
Usinthenso mapaipi a mabuleki, usinthe shafuti,
apolisi nawo akufunse pepala la injiniya.

Watuluka, wapukuta manja pa sanza yakuda kuposa manjawo.
Nkhani si kutalika, akutero.
Umanyamula chiyani?

Sipiling'i ilibe maso.
Sidziwa chitunda, sidziwa khwawa,
imangodziwa kulemera.
Yolimba pa galimoto yopepuka idzakuthyola msana
pa msewu wa mizeremizere ngati lata.
Yofewa pa katundu wambiri
idzagwada usanafike ku William Creek.

Tayamba kuwerengera, iye ndi pensulo kuseri kwa lisiti.
Madzi, zigubu zisanu ndi chimodzi.
Dizilo wapadera. Matayala awiri osungira.
Jeke, tcheni, bokosi la masipanala.
Matumba a makalata,
mankhwala a shuga a mayi Noeline a ku famu ya ng'ombe,
tsiku lina batire, tsiku lina kamwana ka galu,
Khirisimasi ikayandikira mapaselo mpaka kudenga.

Anthu angati?

Pensulo yaima m'malere.
Kunja kwadutsa lole ya ngolo zitatu,
malata a galaja anjenjemera, atonthola.

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi yankho linali awiri.
Iye, makilo makumi asanu ndi anayi,
kuphatikiza fulasiki yake, chipewa chake chonona thukuta,
ndi mluzu wake wosadziwa pothera.
Mpando woyendetsera udakali ndi dzenje lake,
ndimaikapo pilo kuti ndione kutsogolo.

Mmodzi, ndatero.

Stavros wafufuta nambala ndi chala, walemba ina.
Sanandiyang'ane,
ndipo ndamuthokoza chamumtima.

Mainchi awiri, akutero.
Masipiling'i apakatikati kutsogolo, olimbirapo kumbuyo,
mashokomzoba a gasi, osatopa ndi kutentha.
Idzadutsa paja inakhala paja.
Sidzakuponya.
Bwera nayo Lolemba.

Usiku m'nyumba yathu yokumba m'thanthwe
ndatsegula kabuku kaja.
Mzere wa bolopeni ukadalipo, wokhotakhota,
analembera pabondo, galimoto ikuyenda.
Ndawongola ngodya ya tsamba ndi chikhadabo.
Yabwereranso.
Ndaisiya.

Lachinayi, mbandakucha,
bondo ndilo layamba kudziwa:
chopondera chakwera, ndachita kugwira chitseko.
Pa mtsinje wouma uja ndachepetsa mpweya m'matayala,
ndaika giya yotsika,
ndamvetsera mimba ya galimoto
monga umvetsera kupuma kwa wodwala.

Zii.
Mchenga wadutsa kunsi osakhudza kanthu.

Kutsidya ndaima, injini ikulira,
kumwa tiyi wa mu fulasiki yake.
Dziko ndi lomwe lija, lafulati, lopanda mthunzi,
koma pamene ndakhalapa
ndikuona patsogolo pang'ono kuposa kale,
mwina mpaka pa geti ya mayi Noeline,
pomwe kadontho koyera kayamba kale kukweza dzanja.