Chifuwa cha pa Tepi

Refilwe anandipeza ku Turffontein
ndikusita malaya a ana a eni.
Akuti kampani yawo ndi anthu awiri,
iye ndi mlongo wake,
ofesi ndi galaja ku Brixton.
Anatola tepi m'katoni ya nsapato
pogulitsa katundu wa mzungu womwalira.

Inki ya pachikuto inafwifwa.
Panatsala: W. Kamtedza, Nyasa, lipenga.

Lipenga?
Bambo anga anali mlonda pa fakitale ya zitini,
mtchona wosunga mawu ngati ndalama ya lendi.
Ngakhale likhweru sindinawamvepo.

Anandikhazika pa kireti m'galajamo.
Kunayamba waaa, ngati mvula pa malata,
akuti ndi ukalamba wa tepi.
Ng'oma. Piyano yotsimphina.
Kenako wina kutsokomola, kawiri,
kachiwiriko kofupika.

Chifuwa chimenecho chinkafika pakhomo pathu
mbandakucha uliwonse, kiyi asanalowe pachitseko.

Ndiye lipenga linanyamuka,
mnyamata wa ku Ntcheu
kudumpha mipanda yonse ya Joni
popanda womufunsa pasi,
kukwera, kuterereka, kuseka,
mphindi zinayi zathunthu.
Ndani anakutsekani pakamwa, bambo?

Mlongo wa Refilwe anati,
chifuwacho tichotsa, kompyuta imatha.
Ndinati ayi. Dulani piyano ngati mukufuna.

Adinda zimbale mazana atatu basi.
Zina akuti zapita ku Japani.
Changa ndachiimika pamwamba pa firiji,
galamafoni ndilibe.
Firiji ikamanjenjemera usiku
chimbale chimagunda khoma pang'ono,
kawiri.