Nsapato za m'Belo

Pa Chitakale, Namaona atadula waya wa belo,
pakati pa majuzi padatuluka nsapato zaubweya,
zotuwa, zamawangamawanga, zonunkha mafuta a nsomba.
Adabwera nazo kwa ine wosoka.

Ndidazitembenuza: ulusi wake ndi mtsempha,
msoko wothinana, madzi sangapeze khomo.
Mphunzitsi wodutsa adati nchikopa cha katumbu wa m'nyanja;
Ainuwiti amamudikira pabowo la madzi oundana
tsiku lonse, mkondo m'manja, osatsokomola.
Koma okhuta a m'mizinda adatseka msika wake.

Ndidakumbuka bambo akufufuta chikopa cha gwape
kuseri kwa khola, khutu lili kwa alonda a m'phiri.

Iwe wosoka mnzanga, sindikudziwa dzina.
Zidendene zidatha, ndazigamba ndi tayala,
undikhululukire.
Msoko wako sindinaukhudze.